Blantyre winayo: mmene mtsinje wa Clyde unabalira tawuni ya thonje ku Scotland

Aliyense amene anadutsa ku pulayimale kuno kwathu amadziwa kuti mzinda wa Blantyre unatenga dzina la kwawo kwa David Livingstone. Chisokonezo chimayamba munthu akafunsa kuti kwawoko kunali kotani. Ena amaganiza za mzinda waukulu woposa Kabula, poti ndi ku Ulaya. Ena amaganiza za kamudzi ka alimi a nkhosa kuseri kwa mapiri. Onsewa akuphonya. Blantyre wa ku Scotland ndi tawuni yaing'ono ya anthu osafika 20,000, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 13 kum'mwera chakum'mawa kwa Glasgow, ndipo mbali imene Livingstone anabadwira pa 19 Malichi 1813 inali mudzi wa kampani, womangidwa dala m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde kuti anthu opota thonje agone pafupi ndi makina.

Chitsegulireninso nyumba yosungiramo mbiri ya Livingstone kumeneko mu 2021, dzina la tawuniyi lakhala likumvekamveka, koma nthawi zambiri nkhani imathera pa munthu mmodziyo. Fakitale imene inachititsa kuti banja lake lipezeke pamalopo sitchulidwa kawirikawiri, mwina chifukwa chakuti palibenso. Komatu kuti munthu amvetse tawuniyi ayenera kuyambira pa madzi.

## Chifukwa chake fakitale inamangidwa pamtsinje

Blantyre analipo kale fakitale isanabwere. Kunali parishi yakale, mudzi wa alimi kumtunda umene lero umatchedwa High Blantyre, komanso mabwinja a nyumba ya amonke ya m'zaka za m'ma 1200 imene inayang'anizana ndi linga la Bothwell kutsidya kwa mtsinje. Chimene chinasintha zinthu ndi makina opotera ulusi amene Richard Arkwright wa ku England analembetsa m'dzina lake mu 1769. Makinawa ankatchedwa water frame, kutanthauza makina oyendetsedwa ndi madzi, chifukwa anali olemera moti dzanja la munthu silikanatha kuwapukusa tsiku lonse. Arkwright anatsegula fakitale yake ku Cromford mu 1771, ndipo mu 1785 khothi litathetsa ufulu umene unamutsalira wokhala yekha mwini wa makina okonzera thonje, aliyense wokhala ndi ndalama ndi mtsinje wabwino anali ndi mwayi womanga yake.

Nthawi imeneyo magetsi kunalibe, ndipo injini za nthunzi zinali zodula komanso zisanafike poyendetsa bwino makina opota. Choncho mphamvu sinkanyamulidwa kupita kumene kuli anthu. Anthu ndiwo ankasamutsidwa kupita kumene kuli mphamvu. David Dale, wamalonda a nsalu wa ku Glasgow, anamanga mafakitale awiri pa Clyde pafupifupi nthawi imodzi: wina ku New Lanark, kumtunda pafupi ndi mathithi, wina ku Blantyre mu 1785 mogwirizana ndi James Monteith. Mu 1792 Dale anagulitsa gawo lake la ku Blantyre kwa Monteith, ndipo pambuyo pake fakitaleyo inadziwika ndi dzina la Henry Monteith ndi kampani yake kwa zaka pafupifupi 100.

Mtsinje woyenera fakitale si mtsinje waukulu chabe. Pamafunika zinthu ziwiri pamodzi: madzi osaphwa chaka chonse, ndi malo pamene madziwo akutsetsereka mokwanira. Kumunsi kwa Glasgow, Clyde ndi wotakasuka koma wofatsa, wabwino kwa zombo koma wopanda ntchito kwa gudumu. Ku Blantyre mtsinjewu umadutsa pakati pa magombe otalika, pamalo oti ungatchingidwe mosavuta, ndipo Glasgow, kumene kunali madoko, amalonda ndi owomba nsalu ogula ulusi, anali pafupi moti ngolo ya hatchi inkapita ndi kubwerera tsiku lomwelo.

## Ulendo wa madzi kuchokera pakhoma kufika pa makina

Choyamba chinali khoma lalifupi lodutsa mtsinje wonse, limene Angerezi amati weir. Khoma limeneli silisunga madzi ngati damu. Ntchito yake ndi kukweza msinkhu wa madzi kumtunda kwake, otsala n'kumasefukira pamwamba. Amene anaonapo mmene baraji ya ku Liwonde imagwirira madzi a Shire ali ndi chithunzi chapafupi, ngakhale khoma la ku Blantyre ndi laling'ono kwambiri ndipo lilibe zitseko zazikulu ngati zimenezo.

Kumtunda kwa khomalo kumayambira ngalande yopatutsa madzi, imene ku Scotland amaitcha lade. Pakamwa pake pamakhala chitseko chokweza ndi kutsitsa, ndi zitsulo zosanjikiza ngati mpanda zogwira zitsa, nthambi ndi udzu. Ngalandeyi imakumbidwa motsetsereka pang'ono kwambiri poyerekeza ndi mtsinje weniweni, kotero kuti ikamafika pafakitale madzi ake amakhala pamwamba, mtsinje uli pansi. Kusiyana kwa misinkhu kumeneku ndiye chuma chonse cha malowo. Madzi akagwera pa gudumu lalikulu n'kulitembenuza, amatulukira m'ngalande yachiwiri imene imawabwezera mumtsinje kumunsi.

Masamu ake ndi osavuta. Malita 1,000 a madzi akamagwa mita imodzi pa sekondi iliyonse amapereka mphamvu ya makilowati pafupifupi 9.8. Tiyerekeze kuti ngalande ikubweretsa malita 2,000 pa sekondi ndipo akugwa mamita 4: pa pepala pali makilowati 78. Gudumu labwino, limene madzi amalowa m'timabokosi take chapakati kapena pamwamba n'kulitembenuza ndi kulemera kwawo, limagwira pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvuyo, ndiye kuti makilowati 50 kapena kupitirira pang'ono, okwanira kuyendetsa zigayo zamagetsi ziwiri kapena zitatu za masiku ano. Gudumu longokankhidwa ndi liwiro la madzi pansi pake limataya mphamvu yambiri. John Smeaton anasonyeza zimenezi mu 1759 poyesa timagudumu ting'onoting'ono, ndipo anapeza kuti lolandira madzi pamwamba limaposa linzakelo pafupifupi kawiri. N'chifukwa chake eni mafakitale ankalolera kuwononga ndalama zambiri pa khoma ndi ngalande kuti angowonjezera mita imodzi ya kugwa kwa madzi.

Gudumu limazungulira pang'onopang'ono, maulendo ochepa pa mphindi, pamene zopotera ulusi zimafuna liwiro lalikulu. Pakati pake pankakhala magiya okweza liwiro, shafiti yoimirira yokwera m'nyumba yonse yosanja, mashafiti ena ogona oyenda kudenga la chipinda chilichonse, ndi malamba achikopa otsika kuchokera kumeneko kupita pa makina amodziamodzi. Apa ndi pamene panachokera maonekedwe a mafakitale akalewa: nyumba zazitali za nsanjika zisanu kapena zisanu ndi imodzi, zopapatiza, zamazenera ambiri. Zinkakhala zazitali kuti makina onse akhale pafupi ndi gudumu, popeza shafiti ikatalika imapindika ndi kudya mphamvu. Zinkakhala zopapatiza kuti kuwala kwa dzuwa kufike pakati.

Zovuta zake zinali za mtsinje womwewo. Chilimwe chikauma madzi ankachepa, makina n'kumayenda mwaulesi kapena kuima. Chodabwitsa n'chakuti madzi akachuluka kwambiri ntchito inkaimanso: mtsinje ukadzaza, madzi a kumunsi amabwerera m'ngalande yotulukira n'kumiza pansi pa gudumu, kusiyana kwa misinkhu kuja n'kutha, gudumu n'kumangovutika ngati munthu woyenda m'matope. M'nyengo yozizira madzi ankaundana pa timabokosi ndi pa zitseko. Zinyalala zikatseka zitsulo za pakamwa pa ngalande, fakitale yonse inkadikira anthu azichotsa, vuto lomwelo limene limadziwika bwino ku Nkula namasupuni ndi zitsa zikabwera ndi madzi a dzinja.

## Thonje likalowa m'fakitale

Thonje linkafika m'mabelo othinidwa kwambiri, njere zitachotsedwa kale kumene linalimidwa. Ntchito yoyamba inali kulimasula ndi kulimenya kuti fumbi, masamba ndi tizitsotso zichoke. Chipinda chimenechi ndicho chinali choipitsitsa ku mapapo, ndipo ogwiramo ambiri ankatha ndi chifuwa chobanika. Kenako thonje linkadutsa pa makina opesa, okhala ndi mawaya ang'onoang'ono osawerengeka, amene amagoneka tiubweya tonse mbali imodzi n'kutulutsa chingwe chofewa chonenepa ngati chala chachikulu. Zingwe zingapo zotere zinkaphatikizidwa ndi kukokedwa pamodzi kuti pamene china chawonda chinzake chikwaniritse. Zikatero chingwecho chinkaondetsedwanso ndi kupotedwa pang'ono, mongokwanira kuti chisaduke pochinyamula.

Nzeru ya Arkwright inali pa kakokedwe. Chingwe chimadutsa pakati pa timagudumu tiwiritiwiri totsatizana, ndipo tiwiri takutsogolo timazungulira mofulumira kuposa tam'mbuyo. Takutsogolo tikathamanga kasanu ndi kamodzi kuposa tam'mbuyo, chingwe chimatalika kasanu ndi kamodzi n'kuonda moyenerera. Mpata wa pakati pa timagudumuti uyenera kupitirira pang'ono kutalika kwa kaubweya ka thonje. Ukachepa, kaubweya kamagwidwa mbali zonse ziwiri n'kuduka. Ukakula, chingwe chimangosololoka n'kupatukana. Ulusi wa water frame unali wolimba koma wokhuthala. Wopyapyala, wa nsalu zofewa zimene Glasgow ndi Paisley anatchuka nazo, unkapotedwa pa makina ena otchedwa mule, amene Samuel Crompton anapanga mu 1779.

Pa mule zopotera mazanamazana zimakhala pa ngolo yaitali yoyenda pa njanji. Ngoloyo imatuluka mtunda wa mita imodzi ndi theka ikukoka ndi kupota ulusi, kenako imabwerera ikuukulunga, maulendo atatu kapena anayi pa mphindi, kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mwa ulusi mazanamazana amenewo, wina umaduka mphindi iliyonse. Wolumikiza ulusi wodukawo ankatchedwa piecer, ndipo kawirikawiri anali mwana. Ankayenera kuona pamene paduka, kuthamangirapo, kugwira nsonga ziwirizo n'kuzifikisa pamodzi ndi zala m'masekondi ochepa pamene ngolo ili pafupi, makina osaima. Akachedwa, chopotera chimenecho chinkazungulira chabe osatulutsa kanthu, ndipo popeza wamkulu woyendetsa makinawo ankalipidwa molingana ndi ulusi umene watuluka, mkwiyo wake unkagwera mwanayo. Ana ocheperapo ankakwawira pansi pa makina kusesa thonje logwa, ngolo ikudutsa pamwamba pawo.

M'zipindamo munkasungidwa motentha ndi mwachinyontho, mazenera otseka, chifukwa mpweya ukauma ulusi umaduka pafupipafupi. Ndiye ganizani za fumbi la thonje loyandama paliponse, mafuta othira m'makina atanyowetsa matabwa a pansi, ndi nyali zamoto zowunikira m'mawa ndi madzulo. Moto unali mdani wa fakitale iliyonse yotere. Ku New Lanark fakitale yoyamba inapsa mu 1788 itangoyamba kumene ntchito, yachitatu inapsa mu 1819, yachinayi mu 1883.

## Mudzi wa kampani

Pamalo pomangidwa fakitale panalibe anthu okwanira, ndipo alimi a m'deralo sankafuna ntchito yolamulidwa ndi belu. Kampani inayenera kukopa mabanja ochokera kutali, makamaka kumapiri ndi kuzilumba za kumpoto chakumadzulo kwa Scotland kumene anthu ankachotsedwa kapena kuthawa umphawi. Agogo ake aamuna a Livingstone anachoka pa chilumba cha Ulva mu 1792 n'kudzapeza ntchito ku Blantyre. Banja lokhala ndi ana ambiri ndilo linkafunidwa kwambiri, pa chifukwa chimene chaoneka kale.

Nyumba zinali za kampani. Imene yatsala, Shuttle Row, ndi mdadada wosanjikiza katatu umene munkakhala mabanja 24, banja lililonse chipinda chimodzi cha mamita pafupifupi 4 m'litali ndi 3 m'lifupi. Dzinali likuchokera ku kachipangizo koponyera ulusi uku ndi uku powomba nsalu. M'chipinda chimodzicho ndimo mophikira, modyera ndi mogona. Mabedi awiri ankalowetsedwa m'khoma, ndipo pansi pake pankakhala timabedi tamatayala tokokedwa usiku kuti ana agonepo. Madzi ankatungidwa panja n'kukwezedwa pa masitepe ozungulira. Sukulu inalinso ya kampani. Munthu akachotsedwa ntchito ankataya ndi nyumba yomwe, zimene aliyense wodziwa moyo wa pa esiteti angazimvetse popanda kufotokozeredwa.

Livingstone analowa m'fakitale ali ndi zaka 10, mu 1823, monga wolumikiza ulusi. Ntchito inkayamba 6 koloko m'mawa kufika 8 koloko usiku, kuphatikizapo nthawi yochepa ya chakudya, ndipo sukulu ya kampani inkayamba 8 koloko kufika 10 koloko. Ali ndi zaka 19 anakwezedwa kukhala woyendetsa makina, ndipo malipiro amenewo ndiwo anamulipirira maphunziro a udokotala ku Anderson's College ku Glasgow kuyambira mu 1836. Nkhani yake imakambidwa ngati umboni wakuti mudziwo unkapatsa ana mwayi, ndipo imakambidwanso ngati umboni wakuti pankafunika mwana wachilendo kwambiri kuti adutse pa mpata wochepa chonchi. Mbali zonse ziwirizi zili ndi mfundo. Sukulu inalipodi, koma ana ambiri ankafikamo atatheratu mphamvu.

Malamulo anabwera pang'onopang'ono. La mu 1819 linaletsa ana osafika zaka 9 m'mafakitale a thonje ndi kuika malire a maola 12 kwa osafika zaka 16, koma panalibe woyendera kuti aone ngati likutsatidwa. La mu 1833 linatsitsa maola a ana a zaka 9 mpaka 13 kufika 48 pa sabata, linalamula maola awiri a sukulu tsiku lililonse, ndipo linaika oyendera mafakitale. Oyenderawo anali anayi okha m'dziko lonse.

## Kumene thonjelo linkachokera

Thonje silimera ku Scotland. Poyamba lambiri linkachokera ku zilumba za Caribbean ndi ku South America, ndipo Eli Whitney atapanga makina ochotsa njere mu 1793, minda ya kum'mwera kwa United States inakhala gwero lalikulu. Olima m'minda yonseyi anali akapolo ochokera ku Africa ndi ana awo. Britain inakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo m'maiko ake mu 1833, koma mafakitale ake anapitiriza kugula thonje la akapolo a ku America mpaka nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 inatseka njirayo.

Apa ndi pamene Blantyre awiriwa amakhudzanadi, kuposa pa dzina. Chimodzi mwa zolinga za ulendo wa Livingstone wa pa Zambezi, kuyambira 1858 mpaka 1864, chinali kupeza dziko limene anthu afulu angalime thonje logulitsa ku Britain, kuti thonje la akapolo lisowe msika. Atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kulipota ndi kuwomba nsalu zawo, ndipo analiyang'ana ndi diso la munthu amene anakhala zaka zoposa khumi akugwira ulusi. Mathithi a pakati pa Shire, nkhondo ndi chilala zinasokoneza malingaliro amenewo. Livingstone anamwalira kwa Chitambo mu 1873, ndipo a mpingo wa Church of Scotland atakhazikitsa mishoni m'dera la mfumu Kapeni mu 1876 anaitcha dzina la tawuni imene iye anabadwira.

## Utoto wofiira ndi zimene mtsinje unalipira

Ku Blantyre sankangopota ulusi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 kunayamba ntchito yonyika ulusi ndi nsalu mu utoto wotchedwa Turkey red, wofiira kwambiri ndiponso wosasuluka ndi dzuwa kapena sopo. Luso limeneli linafika ku Glasgow mu 1785 ndi Mfalansa wina, Pierre Jacques Papillon. Utoto wake unkachokera ku mizu ya chomera chotchedwa madder, koma thonje siligwira utotowu palokha. Ulusi unkawiritsidwa kaye kuti uyere, kenako n'kuviikidwa mobwerezabwereza m'mafuta a olivi osasa osakaniza ndi ndowe za nkhosa, ukuyanikidwa pakati pa kuviika kulikonse. Ukatero unkathiridwa alamu, mchere umene umamangiriza utoto ku ulusi, n'kuwiritsidwa m'madzi a mizu ija, nthawi zambiri pamodzi ndi magazi a ng'ombe, kenako n'kuwiritsidwanso ndi sopo kuti uwale. Ntchito yonse inkatenga masabata angapo. Mafuta akapanda kulowa mofanana nsalu inkatuluka yamawangamawanga, ndipo madzi akakhala ndi chitsulo kufiira kuja kunkazilala.

Gawo lililonse linkafuna madzi ambiri oyera, ndipo gawo lililonse linkabwezera mumtsinje madzi akuda. Kuphatikiza ndi zonyansa za mafakitale ena, migodi ndi zimbudzi za Glasgow, Clyde anafika poti nsomba za salimoni, zimene zimachoka kunyanja kukaswera kumtunda, zinasowamo m'zaka za m'ma 1860. Zinaonekanso mu 1983.

## Malasha ndi tsoka la 1877

Injini za nthunzi zitakhwima, fakitale sinafunenso mathithi. Inkatha kumangidwa mumzinda, pafupi ndi doko ndi anthu ambiri ofuna ntchito, bola malasha afike. Mwayi umene mtsinje unapereka kwa Blantyre unachepa mtengo. Koma pansi pa tawuniyo panali malasha, njanji inali itafika mu 1849, ndipo m'zaka za m'ma 1870 migodi yakuya inatsegulidwa. Blantyre anasanduka tawuni ya migodi, mabanja atsopano ambiri akuchokera ku Ireland.

M'mawa wa pa 22 Okutobala 1877 mgodi wa kampani ya William Dixon ku High Blantyre unaphulika. Anthu 207 anafa malinga ndi chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri, wamng'ono kwambiri ali ndi zaka 11, ndipo mpaka lero ili ndilo tsoka lalikulu kwambiri la mumgodi m'mbiri ya Scotland. Chinaphulika ndi mpweya wa methane umene umatuluka m'malasha. Mpweyawu ulibe fungo kapena mtundu, ndi wopepuka moti umasonkhana kudenga la mgodi, ndipo umaphulika ukafika pakati pa 5 ndi 15 peresenti ya mpweya wonse. Nyali yotetezedwa ndi sefa ya waya inalipo kuyambira mu 1815, koma inkawala mochepa, ndipo m'migodi yambiri ya ku Scotland anthu ankagwiritsabe ntchito nyali zamoto wapoyera. Kuphulika koyamba kumautsa fumbi la malasha limene nalonso limayaka n'kufalitsa motowo m'njira zonse, ndipo opulumuka moto ambiri amafa ndi mpweya wapoizoni wotsalira. Patatha miyezi ingapo, akazi amasiye 34 anatulutsidwa m'nyumba za kampani, popeza nyumbazo zinali za ogwira ntchito.

Fakitale ya thonje inafooka pang'onopang'ono. Kusowa kwa thonje pa nkhondo ya ku America kunaipweteka, mafakitale a ku Lancashire, ku England, anali aakulu ndi otchipa, ndipo asayansi atapanga utoto wofiira wa m'botolo kumapeto kwa zaka za m'ma 1860 luso la mizu ya madder linayamba kutha ntchito. Kampani ya Monteith inatha mu 1904. Nyumba za fakitale zinagwetsedwa, ndi mbali yaikulu ya mudzi womwe.

## Chosungidwa ndi chotayidwa

Shuttle Row nayo inali pa mndandanda wogwetsedwa, itasanduka chisakasa. Inapulumuka chifukwa cha mwana mmodzi amene anabadwiramo. M'zaka za m'ma 1920 mbusa James Macnair ndi katswiri wojambula mapulani a nyumba Frank Mears anatsogolera ntchito yosonkhetsa ndalama, zina mwa izo zochokera kwa ana a Sande sukulu, ndipo nyumbayo inatsegulidwa ngati chikumbutso mu 1929. Zotsatira zake n'zakuti mlendo lero amaona chipinda chogona cha ogwira ntchito popanda malo amene ankagwirako ntchitoyo.

Kuti aone fakitale yeniyeni ayenera kukwera mtsinje kupita ku New Lanark, kumene zinthu zinayenda mosiyana. Kumeneko Robert Owen, mkamwini wa Dale, anayendetsa mafakitale kuyambira 1800, anasiya kulemba ntchito ana aang'ono kwambiri, ndipo mu 1816 anatsegula nyumba ya maphunziro imene munali sukulu ya mkaka. Mafakitale a kumeneko anagwira ntchito mpaka 1968, ndiye anatsekedwa pa nthawi imene anthu anali atayamba kuona nyumba za mafakitale ngati cholowa. Ngakhale zinali choncho, anagulitsidwa kaye kwa kampani yogula zitsulo zakutha, ndipo denga la sukulu linagwa mu 1971. Bungwe loteteza mudziwo linakhazikitsidwa mu 1974, ndipo mu 2001 UNESCO inaulemba pa mndandanda wa malo a cholowa cha dziko lonse, mndandanda womwewo pamene pali zojambula za m'mapanga za ku Chongoni. Chimodzi mwa zimene UNESCO imayang'ana ndi chakuti malowo akhale athunthu, kuti munthu athe kutsata nkhani yonse ndi maso. Ku New Lanark khoma la pamtsinje, ngalande, mafakitale, nyumba zogona, sitolo ndi sukulu zonse zilipo. Kusiyana kwa matawuni awiriwa kwenikweni ndi zaka 64 za pakati pa 1904 ndi 1968.

Kusunga nyumba zotere ndi ntchito ya amisiri kuposa ya olemba mbiri. Makoma ake ndi amiyala yomangidwa ndi laimu, ndipo kunja amakutidwa ndi pulasitala wa laimu woponyedwa ndi dzanja. Laimu amalola chinyontho kulowa ndi kutulukanso. Cholakwika chimene chinachitika pa nyumba zakale zambiri m'zaka za m'ma 1900 chinali kuzikuta ndi simenti: simenti ikang'aluka mvula imalowa koma sitha kutuluka, khoma limakhala lonyowa, nsonga za mitanda yolowa m'khomamo zimawola, ndipo kukazizira madziwo amaundana n'kusweratu miyala. Kukonza kwake ndi kugumula simentiyo, kusiya khoma liume, n'kubwezera laimu m'magawo opyapyala, nyengo isali yozizira kwambiri. Zambiri zimayambira kudenga: sileti imodzi (mwala wopyapyala wofolerera denga) ikasuntha kapena gatala likatsekeka ndi masamba, madzi amatsikira m'khoma kwa zaka popanda woona. Ku Scotland nyumba zotetezedwa ndi lamulo zimaikidwa m'magulu A, B ndi C, ndipo Shuttle Row ili m'gulu A, kutanthauza kuti ngakhale kusintha zenera kumafuna chilolezo.

Ndiye pali funso la ndalama. Ntchito yokonza malo a ku Blantyre imene inatha mu 2021 inadya mapaundi 9.1 miliyoni, ochokera ku thumba la lotale losamalira cholowa, boma la Scotland ndi bungwe la Historic Environment Scotland. Ndalama zotere zimabwera kamodzi, pamene denga limafuna kusamalidwa chaka ndi chaka. New Lanark anayankha funsoli posandutsa fakitale yoyamba kukhala hotelo, kubwereketsa nyumba kwa anthu okhalamo, kupota ulusi wa ubweya wa nkhosa pa makina akale, ndi kupanga magetsi ndi madzi a m'ngalande yomwe ija. Ena amati zimenezi zimasandutsa malo a thukuta kukhala malo opumulirako. Ena amati nyumba yopanda ntchito imagwa, ndipo amaloza za ku Blantyre.

Mkangano wina ndi wa nkhani imene ikukambidwa m'kati. Chikumbutso cha 1929 chinkaonetsa Livingstone ngati ngwazi yoyenda yokha. Chionetsero chatsopano chimapereka malo kwa mkazi wake Mary, kwa mfumu Sechele ya Bakwena, kwa Susi, Chuma ndi Jacob Wainwright amene anali m'gulu lonyamula mtembo wake kupita kunyanja, komanso ku ubale wa fakitale ndi ukapolo. Alipo amene amaona kuti kusinthaku kunachedwa, alipo amene amaona kuti kukuchepetsa munthu woyenera ulemu, ndipo m'tawunimo muli mabanja amene mbiri yawo yeniyeni ndi ya mgodi, imene imakumbukiridwa pa zipilala za ku High Blantyre ndi kumanda, kutali ndi kumene mabasi a alendo amaima.

Mwa zonse zimene zinamangidwa chifukwa cha fakitale, chimene chikugwirabe ntchito yake yoyamba ndi khoma la pamtsinje. Likukwezabe madzi a Clyde pafupi ndi mlatho wa oyenda pansi wopita ku Bothwell, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990 madziwo amatembenuza makina ang'onoang'ono opangira magetsi. Pambali pake anamangapo makwerero a nsomba, timadamu totsatizana tokwera pang'onopang'ono, kuti salimoni zobwera kuchokera kunyanja zidutse khomalo popita kukaswera kumtunda.